Shuga wa mnzanu si shuga wanu

Pakati pa anthu odwala matenda a shuga pamayenda malangizo ambiri, ena pabenchi podikira dokotala, ena pa WhatsApp, ena ngakhale pamaliro. Bambo wina amafotokoza kuti anachepetsa nsima, anasiya zakumwa zotsekemera, anayamba kuyenda wapansi m'mawa uliwonse, ndipo akuchipatala anamuchepetsera mapiritsi. Akunena zoona. Koma mayi amene mwana wake wa zaka 12 amabayidwa jakisoni kawiri patsiku akatengera zomwezo, n'kuganiza kuti mwanayo angasiye jakisoni bola azidya mgaiwa, pasanathe masiku ochepa mwanayo akhoza kukomoka, ndipo akachedwa naye kuchipatala amwalira. Matenda awo dzina ndi limodzi, makina oyezera amaonetsa manambala okwera kwa onse awiri, koma chimene chinalakwika m'matupi mwawo n'chosiyana.

Kuti timvetse kusiyanako tiyambe ndi thupi la munthu amene sakudwala. Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata, buledi ndi nthochi zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga wotchedwa gulukosi, amene amalowa m'magazi. Si shuga wa mu tiyi yekha ayi, chakudya chilichonse chokhutitsa chimathera pamenepo. Chodabwitsa n'chakuti m'magazi onse a munthu wamkulu, omwe ndi malita pafupifupi 5, mumakhala shuga wokwana magalamu 4 kapena 5 okha, supuni imodzi ya tiyi. Mitanda itatu ya nsima ili ndi shuga woposa pamenepo kambirimbiri. Choncho thupi limayenera kuchotsa msanga shugayo m'magazi n'kumulowetsa m'minofu kuti apereke mphamvu, wina n'kumusunga m'chiwindi, wotsala n'kumusandutsa mafuta.

Ntchito imeneyi amaiyendetsa ndi insulini, amene amapangidwa ndi kapamba, chiwalo chimene chili kuseri kwa chifu. Mu kapamba muli timagulu ta maselo opanga insuliniyo, timene Paul Langerhans anationa koyamba ku Berlin mu 1869 akadali wophunzira, osadziwa kuti ntchito yake n'chiyani. Zinadziwika pang'ono mu 1889 pomwe Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa kapamba wa galu ku Strasbourg, galuyo n'kuyamba kukodza pafupipafupi mkodzo wodzaza shuga.

Insulini ali ngati munthu amene amatsogolera mlendo pakhomo n'kunena kuti odi. A m'nyumba akamva amatsegula, shuga n'kulowa. Matenda a shuga ali ndi mitundu iwiri ikuluikulu. Pa mtundu woyamba wonena odi kulibe, anamwalira. Pa mtundu wachiwiri alipo ndipo akuitana, koma a m'nyumba akhala ngati ogontha, moti amachita kufuula mpaka mawu kusasa. M'njira zonse ziwiri shuga amaunjikana m'magazi. Akapyola 180 pamakina oyezera shuga, impso zimalephera kumubweza, amatulukira mumkodzo ndipo amakoka madzi ambiri. Kukodzakodza usiku, ludzu losatha ndi kufooka zimachokera pamenepa. Asing'anga a ku India akale anaona kuti mkodzo wa odwala otere umaitana nyerere, ndipo mpaka lero m'midzi ena amayamba kukayikira matendawa ataona nyerere pamene munthu wataya madzi.

Mtundu woyamba, umene m'buku lachipatala amalemba kuti Type 1, umabwera chifukwa asilikali a m'thupi asokonezeka n'kuyamba kuwononga maselo opanga insulini ngati kuti ndi tizilombo. Chimene chimawayambitsa nkhondoyi asayansi akuchifufuzabe, koma chodziwika n'chakuti chibadwa chimathandizirako, ndipo kudya maswiti, nzimbe kapena tiyi wotsekemera sikumene kumayambitsa. Makolo ambiri amadziimba mlandu pachabe, ena n'kuyamba kuloza chala achibale kuti alodza mwana. Nthawi zambiri umagwira ana ndi achinyamata, ngakhale wamkulu akhozanso kuudwala, ndipo umabwera mwaliwiro. M'masabata ochepa mwana amene anasiya kalekale kukodza pogona amayambiranso, amamwa madzi osakhuta, amadya koma akungowonda.

Choopsa chachikulu chili apa. Thupi likasowa insulini limayamba kuwotcha mafuta mopanda malire, ndipo mafutawo amatulutsa zinthu zotchedwa maketoni, amene amasandutsa magazi kukhala ndi asidi wambiri. Wodwala amasanza, m'mimba mumapweteka, amapuma mozama ndi mofulumira ngati wathamanga mtunda wautali, m'kamwa mumatuluka kafungo konga ka zipatso zakupsa kwambiri, kenako amayamba kuwodzera mpaka kukomoka. Kuno kwathu zizindikiro zimenezi n'zosavuta kuzisokoneza ndi malungo aakulu kapena chibayo, ndipo pachipatala pamene palibe timapepala toyezera shuga mwana akhoza kulandira mankhwala a malungo pomwe akufunika dilipu ndi insulini. Mwana wodwalika amene wakhala akukodza kwambiri ndi kumwa madzi kwambiri, kupempha kuti amubaye chala n'kuyeza shuga si mwano.

Chisanafike chaka cha 1922, mwana wopezeka ndi mtundu umenewu ankangodikira imfa. Chithandizo chokha chinali kumumana chakudya, zimene zinkangowonjezera miyezi ingapo. Mu 1921, ku Toronto m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best anakwanitsa kutenga insulini mu kapamba wa agalu, James Collip n'kuyeretsa wochokera mu kapamba wa ng'ombe kuti athe kubayidwa mwa munthu. Mu Januwale 1922 anabaya mnyamata wachichepere, Leonard Thompson, yemwe anakhalanso ndi moyo zaka zina 13. Tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, 14 Novembala, ndi tsiku limene Banting anabadwa. Chimene chinali choona nthawi imeneyo sichinasinthe: wodwala mtundu woyamba amafunika insulini tsiku lililonse moyo wake wonse. Insulini samwedwa ngati piritsi chifukwa m'mimba angagayidwe ngati mmene imagayikira nyama, n'chifukwa chake amachita kubaya.

Pali msampha wina umene mabanja ambiri amagweramo. Mwana akangoyamba insulini, maselo ochepa amene anatsala mu kapamba amapezako mpumulo n'kuyambanso kugwira ntchito. Kwa masabata kapena miyezi ingapo insulini wofunika amachepa kwambiri, manambala n'kumaoneka bwino. Ngati nthawi yomweyo banja linapita ku mapemphero kapena linayamba kumwetsa mwanayo masamba owiritsa, onse amakhulupirira kuti wachira. Sanachire. Maselo otsalawo akatha matenda amabwerera ndi mphamvu zonse.

Mtundu wachiwiri ndi umene uli ponseponse: mwa anthu 10 alionse odwala shuga, 9 kapena kuposa ali ndi umenewu. Madokotala anazindikira kalekale kuti odwala awo ali m'magulu awiri, ena ang'ono ndi owonda amene ankafa msanga, ena achikulire ndi onenepa amene ankakhala zaka. Koma amene anaonetsa chifukwa chake ndi Harold Himsworth wa ku London mu 1936. Iye anapeza kuti odwala ena akapatsidwa insulini shuga amatsika msangamsanga, pomwe ena matupi awo samumvera kwenikweni.

Kusamvera kumeneku kumayamba mwakachetechete, makamaka mafuta akachuluka pamimba ndi m'chiwindi, komanso minofu ikamangokhala osagwira ntchito. Poyamba kapamba amalimbana nazo potulutsa insulini wochuluka, moti munthu akayezetsa zonse zimaoneka bwino. Pakapita zaka kapamba amatopa, shuga n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono. Palibe tsiku limene munthu anganene kuti ndinayamba kudwala lero. Ambiri amadziwa atapita kuchipatala ndi vuto lina: chilonda chakuphazi chimene chikukana kupola, maso kuchita nkhungu, mapazi kuchita dzanzi kapena kutentha usiku, zithupsa zobwerezabwereza, kuyabwa kumaliseche, abambo kuchepa mphamvu m'banja, ena mpaka atachita sitiroko. Bungwe loona za matenda a shuga padziko lonse la International Diabetes Federation linanena mu 2021 kuti mu Africa muno akuluakulu 24 miliyoni anali ndi shuga, ndipo oposa theka sankadziwa. Ku Malawi, kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza matendawa mwa anthu 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64.

Chibadwa chili ndi mphamvu kwambiri pa mtundu wachiwiri kuposa pa woyamba. Ngati mayi, bambo kapena m'bale wanu wa bere limodzi ali nawo, inunso muli pamzere, ndipo zaka zikamapita mpata umakula. Koma chibadwa sichinasinthe m'zaka 30 zapitazi, pamene chiwerengero cha odwala padziko lonse, malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, chinachoka pa 200 miliyoni mu 1990 kufika pa 830 miliyoni mu 2022. Chasintha ndi kakhalidwe. Munthu amene agogo ake ankalima kuyambira mbandakucha ndi kuyenda mitunda wapansi, lero amakwera minibasi kapena kabaza, amakhala pampando tsiku lonse, masana chipisi ndi botolo la chakumwa chozizira, madzulo nsima yoyera yofanana ndi ya mlimi uja. Ndipo tisabisane, kwa nthawi yaitali kunenepa takhala tikukuyamikira. Mkazi akanenepa timati akusamalidwa bwino, bambo akatuluka mimba timati zinthu zikuyenda. M'zaka zimene Edzi inavuta kwambiri, kuwonda kunkabweretsa manong'onong'o, moti mpaka pano ena akauzidwa kuti achepetse thupi amaopa zonena anthu kuposa matenda.

Nkhani yabwino ndi yakuti mtundu uwu umamva kusintha. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anatsata anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda. Amene anachepetsako thupi ndi kumachita zolimbitsa thupi mphindi 150 pasabata, mpata wawo wodwala unatsika ndi 58 peresenti. Ku Britain, kafukufuku wina wa mu 2017 anaonetsa kuti pafupifupi theka la odwala amene anathandizidwa kuchepetsa thupi kwambiri shuga wawo anabwerera m'malo popanda mankhwala patatha chaka. Madokotala sanena kuti achira, amati matenda agona, chifukwa thupi likabwerera nawonso amadzuka.

Za nsima anthu amafunsa kwambiri, ndipo yankho limene lafala, lakuti wodwala shuga azidya mgaiwa, ndi loona mwatheka. Mgaiwa uli ndi gaga amene amachedwetsako shuga kulowa m'magazi, koma ndi chimanga ndithu. Mitanda inayi ya mgaiwa idzakweza shuga kuposa mtanda umodzi wa ufa woyera. Chofunika kwambiri ndi kukula kwa nsimayo poyerekeza ndi ndiwo: masamba ambiri, nyemba, nandolo, usipa kapena mazira, nsima pang'ono. Thobwa, uchi ndi juwisi wa zipatso nazonso ndi shuga, ngakhale anthu amaziona ngati zachilengedwe.

Mankhwala oyamba amene ambiri amapatsidwa ndi metformin, amene amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wochuluka ndi kuthandiza thupi kumvera insulini. Ena amawonjezeredwa glibenclamide, amene amakakamiza kapamba kutulutsa insulini wambiri. Taonani kuti mankhwala onse awiriwa amadalira kuti kapamba akadali ndi moyo, n'chifukwa chake sangalowe m'malo mwa jakisoni kwa mwana wa mtundu woyamba. Pakapita zaka, odwala ambiri a mtundu wachiwiri amafunikanso insulini chifukwa kapamba amanka nafooka. Zimenezi sizitanthauza kuti asanduka a mtundu woyamba, kapena kuti analephera kudzisamala. Mawu akuti ukayamba jakisoni ndiye kuti zako zatha aphetsa anthu. Nthawi zambiri amene amamwalira atangoyamba jakisoni ndi amene anamukana kwa zaka, impso ndi mitsempha zikuwonongeka.

Mtundu wachitatu wodziwika bwino ndi wa amayi oyembekezera. Nsengwa imatulutsa mahomoni amene amapangitsa thupi la mayi kusamvera insulini, kuti mwana m'mimba apeze chakudya chokwanira. Kapamba wa amayi ambiri amakwanitsa kuwonjezera insulini, koma wa ena amalephera. Zimaoneka kwambiri mimba ikafika masabata 24 mpaka 28, ndipo mayi sadzimva kanthu. Mwana ndi amene amalandira shuga wochulukayo n'kukula mopyola, makilogalamu 4 kapena kuposa, zimene zimavutitsa pochira ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni. Achibale amasangalala kuti kwabadwa chimwana chonenepa, osadziwa kuti n'chizindikiro. Mayi akachira shuga amatsika, koma mpata woti adzadwale mtundu wachiwiri m'tsogolo umakhala waukulu, choncho ayenera kuyezetsanso pakatha masabata 6 mpaka 12, kenako kumayezetsa nthawi ndi nthawi.

Pali shuga winanso amene amabwera chifukwa cha vuto lina. Kapamba akhoza kuwonongeka ndi mowa wa zaka zambiri, kachasu ali patsogolo. Mankhwala monga prednisolone ndi dexamethasone akamwedwa nthawi yaitali amakweza shuga, ndipo ena amawagula okha pofuna kunenepa kapena kuthetsa kuphwanya kwa thupi. Palinso mabanja ochepa amene shuga amayenda kuchokera kwa agogo, kholo mpaka mdzukulu chifukwa cha chilema chimodzi cha chibadwa.

Chimene mabuku ambiri sanena mokwanira n'chakuti chithunzi cha mwana wowonda ndi wamkulu wonenepa chinajambulidwa poona odwala a ku Ulaya ndi America. Mu Africa odwala ambiri sakwana bwino m'mabokosi awiriwa. Aliyense wogwira ntchito pakiliniki ya shuga kuno amaona anthu a mtundu wachiwiri amene si onenepa n'komwe, ena a zaka za m'ma 30. Palinso akuluakulu amene amafika ali chikomokere, maketoni ali tho ngati a mtundu woyamba, koma akalandira insulini kwa miyezi ingapo kapamba amatsitsimuka, moti dokotala amatha kuwasamutsira ku mapiritsi. Bungwe la WHO linaika mtundu umenewu pagulu lakelake mu 2019. Nkhani zina za anthu amene amati anasiya jakisoni ndipo ali bwinobwino zimachokera kwa odwala otere, ndipo n'zoona kwa iwo okha.

Mu 2025 kunatuluka zinthu ziwiri zokhudza dera lathu. Kafukufuku amene anachitika ku Cameroon, Uganda ndi South Africa anapeza kuti mwa achinyamata amene ankathandizidwa ngati a mtundu woyamba, pafupifupi awiri mwa atatu alionse analibe chizindikiro cha m'magazi chosonyeza kuti asilikali a m'thupi ndi amene anawononga kapamba. Insulini analibedi, ndipo ankamufuna, koma chinamuthetsa n'china. Chachiwiri, mu Epulo chaka chomwecho, pamsonkhano wa ku Bangkok, International Diabetes Federation inavomereza dzina la Type 5 la shuga wobwera chifukwa cha kunyentchera. Matendawa si atsopano. Anafotokozedwa koyamba ku Jamaica mu 1955, WHO inawaika pamndandanda mu 1985, n'kuwachotsapo mu 1999 ponena kuti umboni unali wochepa. Amagwira achinyamata owonda kwambiri amene anakula ndi njala, mwina kuyambira ali m'mimba, moti kapamba sanakule bwino ndipo amatulutsa insulini wochepa. Kawirikawiri sachita maketoni, ndipo akapatsidwa insulini wochuluka ngati wa mtundu woyamba, chakudya chili chosowa, shuga akhoza kutsikiratu. Akatswiri ena akutsutsabe zoti ukhale mtundu pawokha. Komabe m'dziko limene ana ambiri amakula opinimbira, kuuza wodwala aliyense kuti achepetse thupi ndi kudya, osayang'ana kuti wayima patsogolo panu ndani, ndi ulesi.

Kuyeza kuti munthu ali ndi shuga n'kofanana pa mitundu yonse, kupatula kwa amayi oyembekezera amene malire awo ndi otsikirapo. Munthu akayezedwa m'mawa atakhala maola 8 osadya, 126 kapena kuposa ndi matenda. Akayezedwa nthawi ina iliyonse ali ndi zizindikiro, malire ndi 200. Makina ena amawerengera mosiyana, ndipo pa amenewo manambala omwewa ndi 7.0 ndi 11.1, mukachulukitsa ndi 18 mupeza ofanana ndi oyambawo. Zimenezi zimasokoneza anthu amene atumiziridwa makina ndi achibale a ku Joni kapena ku Britain, n'kumaona 9 pomwe kuchipatala anazolowera kumva 160. Kuyeza kwina, kwa HbA1c, kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo malire ake ndi 6.5 peresenti, koma kumatha kunamiza mwa munthu wochepa magazi kapena wodwala matenda a magazi otchedwa sickle cell.

Kudziwa mtundu ndiye kovuta. Kumafuna kuyeza kuchuluka kwa insulini amene thupi likupangabe, ndi kufufuza zizindikiro za asilikali oukira aja, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zilibe zipangizo zake. Dokotala amadalira msinkhu, thupi, liwiro limene matenda anabwerera, maketoni a mumkodzo, mbiri ya kubanja, ndi mmene wodwala akuchitira ndi mankhwala. N'chifukwa chake zimene analemba tsiku loyamba zikhoza kusintha pakatha chaka, ndipo sikuti woyambayo analakwitsa. Chisamaliro cha mtundu woyamba kwa nthawi yaitali chinkapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Ku Neno anayamba kuyesa njira yotchedwa PEN-Plus, yophunzitsa anamwino ndi madokotala aang'ono kusamalira matenda aakulu osapatsirana m'zipatala za m'maboma, ndipo mu 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zinavomereza njirayi pamsonkhano wa ku Lomé, m'dziko la Togo. Kumudzi kopanda firiji, botolo la insulini amalisunga mumtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi.

Kusiyana kwa mitunduyi kumaonekeranso tsiku limene wodwala wagwidwa ndi matenda ena, monga malungo kapena kutsegula m'mimba, n'kumakana chakudya. Achibale amaganiza kuti poti sakudya, jakisoni asiye kaye. Kwa wa mtundu woyamba zimenezi n'zoopsa: thupi likamadwala limafuna insulini ngakhale m'mimba mulibe kanthu, nthawi zina wochulukirapo, ndipo kusiya ndi njira yachidule yopita ku maketoni. Ayenera kuyeza pafupipafupi, kumwa madzi ambiri ndi kupita kuchipatala akayamba kusanza. Kwa womwa glibenclamide vuto ndi lotembenuka: akamwa piritsi osadya, shuga akhoza kutsika pansi pa 70, n'kuyamba kutuluka thukuta, kunjenjemera, kulankhula zosamveka ngati waledzera. Ameneyu akadali maso mum'patse msanga madzi osungunuliramo masupuni atatu a shuga, kenako chakudya. Ngati wakomoka musamumwetse kanthu, m'pakeni shuga pang'ono kunkhama ndipo thamangani naye kuchipatala, chifukwa mphamvu ya piritsili imakhala m'thupi maola ambiri ndipo shuga akhoza kutsikanso. Womwa metformin amene akusanza kapena kutsegula m'mimba mpaka kutha madzi m'thupi, madokotala amamuimitsa kaye mankhwalawo kufikira atayambanso kudya ndi kumwa bwino, poopa kuti impso zikafooka mankhwalawo angaunjikane m'magazi.